Ndalama Imene Sinagulepo Kanthu

Munthu akamva kuti ndimatolera ndalama zakale zachitsulo, safunsa kuti ndili ndi za mayiko ati kapena za zaka ziti. Amafunsa kuti ndimagula pa mtengo wanji. Ena amachita kufunafuna nambala yanga n'kuimba madzulo, mawu ali pansipansi: "Achimwene, ndili nalo khobidi la chiboo lija, la njovu ziwiri, la 1957. Akuti azungu akulifuna kwambiri. Tingakumane kuti?" Ndikawauza kuti makobidi amenewo anasulidwa mamiliyoni, ndipo kuti lofufutika ngati lawolo ngakhale ku London silingagule chakudya cha masana, foni imangoti zii. Kenako ndimamva kupuma kwa munthu amene watsimikiza mumtima kuti ndikufuna kumudyera masuku pamutu.

Sindiwaimba mlandu. Mphekesera za ndalama zakale zinazika mizu kalekale kuno kwathu ndi m'mayiko otizungulira. Ndamvapo kuti m'khobidi la chiboo muli chitsulo chopangira ndege. Ndamvanso kuti rupiya ya Ajeremani ikagona m'thumba imaitana ndalama zinzake, ndipo kuti simbi yamakala yokhala ndi tambala pachivindikiro ingagule galimoto. Nkhani zonsezi zimakumana pa mfundo imodzi: wogula weniweni saoneka. Amakhala ali ku Joni kapena ku Dar es Salaam, afika mawa, koma pakufunika kaye kangachepe koti chinthucho chikayezedwe. Amene amalemera ndi wolandira kangachepeko.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pofunafuna chuma chobisika m'kati mwa khobidi, anthu amaleka kuona khobidilo. Pamene ndalama za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zimene zinayamba kutuluka mu 1955, zinali zokongola ndithu. Pa khobidi pali njovu ziwiri zoima ndi miyendo yakumbuyo, chiboo chili pakati pawo. Pa theka la khobidi pali akadyansonga awiri. Tiki ili ndi duwa, susu ili ndi mkango, sheleni ili ndi mphalapala, ndipo pa ya masheleni awiri pali nkhwazi itagwira nsomba. Osema zithunzizi ankadziwa ntchito yawo. Koma Chitaganyacho makolo athu anachikana ndi magazi awo. Ndikagwira ndalama ya m'zaka zimenezo ndimakumbukira kuti pa 3 March 1959 anthu anaphedwa pa Nkhata Bay, ndipo amene anagwera padoko paja n'kutheka kuti m'matumba mwawo munali timakobidi ta njovu ziwiri tomweti. Boma loipa lingathe kusula ndalama yokongola, ndipo wotolera ayenera kuvomereza zonse ziwiri.

Chinthu chovuta kwambiri kufotokozera munthu watsopano n'chakuti ukale suli mtengo. Pali ndalama ya siliva ya ku Austria yokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Maria Theresa, imene inayenda kwambiri ku Ethiopia, ku Arabia ndi m'madoko a kum'mawa kwa Africa. Iliyonse imene mungaipeze mwachisawawa yalembedwa 1780, chaka chimene mayiyo anamwalira. Amalonda ankaikhulupirira kwambiri moti anapitiriza kuisula osasintha chakacho, kwa zaka zoposa 200, mpaka zinakwana mamiliyoni mazanamazana. Munthu amabwera nayo manja akunjenjemera poganiza kuti wagwira chinthu cha nthawi ya ukapolo, pamene mwina inasulidwa iye atabadwa kale. Ngakhale timakobidi ta mkuwa ta Aroma, ta zaka zoposa 1,600, timagulidwa motchipa chifukwa timafukulidwa m'miphika yodzaza. Kumbali inayi, ku Britain kuli 50p ya 2009 yokumbukira munda wa Kew Gardens. Ndi yadzulodzuloli, koma anasula 210,000 zokha, ndipo abale athu okhala kumeneko akaipeza m'chenji amadziwa kuti agwira ndalama yogulitsika kuposa mtengo wolembedwapo kambirimbiri.

Ndiye kuti chimene chimayamba ndi kusowa. Ndipo kusowa kwenikweni kumakhala ndi nkhani kumbuyo kwake: nkhondo, lamulo, kapena kulakwitsa kwa munthu wina m'fakitale.

Mu 1933 dziko la America linasula ndalama zagolide za madola 20 zokwana 445,500. Zisanatuluke, Pulezidenti Roosevelt analetsa anthu kusunga golide, ndipo analamula kuti zisungunulidwe. Zochepa zinazembetsedwa. Imodzi inakafika kwa Mfumu Farouk ya ku Egypt, imene inali ndi chibaba chotolera chilichonse, ndipo inatuluka m'dzikomo ndi chilolezo cha boma chimene chinaperekedwa mosazindikira. Farouk atachotsedwa pampando mu 1952 ndalamayo inasowa, n'kudzatulukira mu 1996 m'manja mwa wamalonda wa ku London amene anagwidwa nayo ku New York. Milandu itatha, inagulitsidwa pa okushoni mu 2002 pa madola 7.59 miliyoni, ndipo wogulayo anawonjezera madola 20 enieni kuti boma liivomereze kukhala ndalama. Mu 2021 inagulitsidwanso pa madola 18.9 miliyoni. Banja lina la ku Philadelphia linapeza zina khumi zofanana nayo m'bokosi la ku banki, koma boma linalanda zonse, ndipo makhothi anagwirizana ndi boma. Golide wake ndi yemweyo, chidindo chake ndi chomwecho. Kusiyana kwake ndi kapepala.

Kufupi ndi kwathu, ku Pretoria, kunachitika zina mu 1899. Boma la Paul Kruger linalibe zidindo za chaka chatsopano, choncho anaganiza zotenga paundi yagolide ya 1898 n'kukhomapo 9 pansi pa chithunzi cha Kruger. Nambalayo inakula kwambiri mpaka kulowerera pachithunzicho, ndiye anasiyira pa imodzi yomweyo, zotsatirazo n'kukhomapo 99 yaing'ono. Imodzi ija, imene otolera amaitcha Single 9, nayonso inadutsapo m'manja mwa Farouk, ndipo kumayambiriro kwa 2025 inagulitsidwa pa madola oposa 2 miliyoni. Nkhani ngati zimenezi ndi zimene zimafika m'makutu mwa anthu zitaduka mutu ndi mchira, n'kusanduka mphekesera za khobidi la chiboo.

Koma ambiri a ife sitidzagwirapo ndalama yoti padziko lonse ilipo imodzi. Moyo wathu wa tsiku ndi tsiku uli pa funso lina: pa ndalama ziwiri za chaka chimodzi ndi chidindo chimodzi, yabwino ndi iti, ndipo yaposa inzake motani? Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene ndimathera madzulo anga ambiri.

Ndimazimitsa getsi la padenga n'kuyatsa kanyale kamodzi ka patebulo, chifukwa kuwala kochokera mbali zambiri kumabisa zipsera. Patebulo ndimayala kansalu kofewa kuti ndalama ikapulumuka isagunde thabwa. Ndimaigwira m'mphepete, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, osakhudza nkhope yake, pakuti thukuta la chala limasiya chidindo chimene chimadzaonekera patapita miyezi ndipo sichichokanso. Titenge sheleni ya Malawi ya 1964, ya nkhope ya Kamuzu kutsogolo ndi zisononkho za chimanga kumbuyo. Ndimayamba ndi malo otumphuka kwambiri, chifukwa ndi amene amayamba kudyeka: tsaya, khutu, tsitsi la pamwamba pa khutu. Ndikaitembenuza ndimayang'ana maso a chimanga. Pa sheleni imene yayenda pang'ono, diso lililonse limaima palokha, mizere yolekanitsa ikuoneka bwino. Pa imene yayenda zaka zingapo, maso a pakati amayamba kulumikizana. Pa imene yatumikira mpaka kutopa, chisononkho chonse chimangokhala chotupa chosalala. Pa ya masheleni awiri, ya njovu ndi mwana wake, ndimayang'ana makwinya a khutu la njovu yaikulu. Pa susu ndimayang'ana nthenga za kumchira kwa tambala. Kagalasi kokulitsira ndimakatenga pomaliza, diso likayamba laona lokha, chifukwa ukayamba ndi galasi umatanganidwa ndi kachipsera kamodzi n'kulephera kuona ndalama yonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako pamabwera chinthu chimene sichijambulika bwino pa foni. Ndalama ikamasulidwa, chidindo chimamenya chitsulo ndi mphamvu yaikulu moti chitsulocho chimayenderera kuchoka pakati kupita m'mphepete, n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Timizere timeneti ndi timene timachititsa kuti ukapendeketsa ndalama yatsopano pansi pa nyale, kuwala kuzizungulira pankhope pake. Tikangodyeka sitibwereranso. Palibe mankhwala, palibe mmisiri amene angatibwezeretse.

N'chifukwa chake kutsuka ndalama ndi kuipha. Ife tinaleredwa kuti chitsulo chabwino ndi chong'anima, ndipo munthu akafuna kugulitsa chinthu amayamba wachikwecha kuti alemekeze wogula. Bambo wina anandibweretsera ndalama za siliva za Southern Rhodesia zimene anagona akuzipukuta ndi phulusa ndi mandimu, zina ndi sitiliwulu. Anazitulutsa m'kathumba monyadira, zikuwala mbee. Pansi pa nyale zinali zodzaza ndi timikwingwirima tolowera mbali imodzi, kuwala kwake kwakufa, kosayenda. Kudera kumene siliva amachita akakhalitsa, kumene iye ankakuona ngati litsiro, ndi kumene otolera amakufuna, chifukwa ndi umboni wakuti palibe amene anaiseweretsa. Zinandivuta kumuuza kuti usiku umodzi umenewo unadya gawo lalikulu la mtengo wake, ndipo zina zinatsala ndi mtengo wa siliva wokha basi.

Kale anthu ankangogwiritsa ntchito mawu: yabwino, yabwino kwambiri, yosayendapo. Angerezi ambiri akadali pomwepo mpaka lero. Manambala anabwera ndi Mmereka wina, William Sheldon, amene mu 1949 analemba buku la masenti akale a dziko lake n'kukhazikitsa muyeso woyambira pa 1 kufika pa 70. Maganizo ake anali a masamu: senti ya giredi 70 izigulidwa kuwirikiza ka 70 mtengo wa senti yofufutikiratu ya mtundu womwewo. Msika sunachedwe kuphwanya masamu amenewo, koma manambalawo anatsala, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anayamba kugwiritsidwa ntchito pa ndalama zonse. Kuyambira 60 mpaka 70 ndi za ndalama zimene sizinayendepo, zimangosiyana kuchuluka kwa zipsera zimene zinatenga pogundana m'matumba a ku fakitale. Ndinene pambali kuti Sheldon yemweyo, atamwalira mu 1977, zinadziwika kuti anasinthanitsa masenti oposa 100 a bungwe la American Numismatic Society ku New York, kutenga abwino n'kusiyapo ake otsikirapo. Kusiyana kwake kunali kochepa moti panatenga zaka zambiri kuti anthu azindikire. Munthu amene anaphunzitsa dziko kuyeza ndalama anali ndi diso lakuthwa, ndipo analigwiritsa ntchito mbali zonse.

Vuto la giredi ndi lakuti wogulitsa amaiona yokwera, wogula amaiona yotsika. Mlimi wa fodya amazidziwa bwino zimenezi. Amasankha masamba ake m'shedi mosamala, kutengera mtundu, utali ndi malo amene tsamba linali paphesi, koma belo likafika ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe, chimene chimalamula ndi chimene wina walemba pa tikiti, ndipo kusiyana kwa kachilembo kamodzi kumadya thukuta la chaka. Pa ndalama zakale, Amereka anayesa kuthetsa mkanganowu poika munthu wachitatu pakati. Mu 1986 kunabadwa kampani ya PCGS, mu 1987 ya NGC. Umatumiza ndalama yako, akatswiri amaiona, amatsimikiza kuti si yachinyengo, amaipatsa nambala, kenako amaitsekera m'kabokosi ka pulasitiki koonekera kamene sikatseguka popanda kukaswa. Ikakhala yotsukidwa kapena yokonzedwa, saipatsa nambala, amangolemba vuto lake.

Zimenezi zinathandiza, sindingakane. Munthu wa ku Zomba angathe kugula ndalama kwa munthu wa ku Texas amene sanamuonepo, onse akudziwa chimene akukambirana. Koma zinabweretsanso matenda ake. Pa ndalama zina, kusiyana kwa 64 ndi 65 kumawirikiza mtengo kangapo, pamene kusiyanako ndi kachipsera kamene akatswiri awiri sangagwirizane kuti n'kakakulu bwanji. Choncho kunabadwa anthu amene ntchito yawo ndi kuswa mabokosi n'kutumizanso ndalama yomweyo, mobwerezabwereza, mpaka tsiku limene idzapeze woyeza amene wadzuka bwino. Mu 2007 kunayambikanso kampani ina, CAC, yoyeza ntchito ya oyezawo n'kumata kachizindikiro kobiriwira pa bokosi limene yagwirizana nalo. Achinyengo nawo sanagone, anayamba kupanga mabokosi abodza. Ndakumanapo ndi anthu amene angakuuze nambala ya ndalama iliyonse imene ali nayo koma sangakuuze chimene chajambulidwa kumbuyo kwake.

Abale athu a ku Joni anaona okha mmene nambala imapengetsera anthu. Mu 2008, Nelson Mandela atakwanitsa zaka 90, South Africa inatulutsa R5 ya nkhope yake, pafupifupi 22 miliyoni. Zochepa zimene zinapatsidwa magiredi apamwamba kwambiri zinalengezedwa pa mitengo yododometsa, ndipo mbiri inafalikira yakuti R5 iliyonse ya Mandela ndi chuma. Anthu anazisunga m'mabotolo, ena anagula zodula poganiza kuti akusungira ana awo. Banki yaikulu ya dzikolo yakhala ikubwereza kuti R5 imene yayenda m'manja ndi R5 basi. Mnyamata wina wobwera kuchokera ku Johannesburg anandionetsa zake zisanu atazikulunga m'pepala la chimbudzi, ndipo sanakondwe nditamuuza kuti akakwerere minibasi akabwerera.

Pali mfundo ina imene imandisautsa ndikamaganizira za muyeso wa Sheldon. Giredi yapamwamba ndi umboni wakuti ndalamayo sinagwirepo ntchito imene inapangidwira. Sinagulepo mchere, sinalipirepo chigayo, sinagwerepo m'mbale ya chopereka. Kuti ndalama ikhale choncho, pamafunika munthu amene anailandira ili yatsopano, n'kukhala ndi zina zokwanira moti iyi angathe kuiiwala m'dirowa zaka 60. Mu 1964, ndani pakati pa makolo athu akanachita zimenezo? Sheleni inali ndalama yoti mayi aimange pa nsonga ya chitenje ndi mfundo ziwiri. Inkachoka kwa wogula mbewu kupita kwa mlimi, kwa mwini golosale, kwa wokhometsa msonkho, osapuma. Amene ankatha kuisunga anali azungu ogwira ntchito m'boma ndi m'mabanki amene ankatenga zikumbutso pobwerera kwawo, ndi otolera akunja amene ankaitanitsa zosulidwa mwapadera, zoikidwa m'timabokosi tokongola. Zotsatira zake n'zakuti ndalama zathu zoyamba zosadyeka zimapezeka mosavuta ku Britain ndi ku America kuposa ku Blantyre. Munthu wofuna kuona tambala wa pa susu ya 1964 ndi nthenga zake zonse amayenera kuitanitsa kunja, kulipira pa dola, n'kudikira positi.

Zimene zinatsala kuno zinagwira ntchito mpaka ina yosakhala yawo. Makobidi a chiboo ankatungidwa pa chingwe, ena anathera m'khosi mwa ana. Pa nyumba ina yakale ya malata ku Ntcheu ndinaona misomali ingapo ya padenga itakhomedwa kudutsa pa chiboo cha khobidi, kuti mutu wa msomali usaboole lata. Mmisiri anaona kuti khobidi likutchipa kuposa wochara ya kusitolo. Njovu zija zakhala padzuwa ndi pamvula zaka zonsezi, ndipo palibe kampani imene ingazipatse nambala.

Sindikunena kuti ndalama yofufutika imaposa yosadyeka. Amenewo ndi mawu odzitonthoza nawo munthu amene alibe ndalama zogulira yabwino. Yosadyeka imakuonetsa chimene wosema anafuna kuti uone, ndipo ndikaipeza pa mtengo woti ndingakwanitse sindiisiya. Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti nambala imanena zonse. Nambala imayankha funso limodzi, lakuti chitsulochi chadyeka motani. Siingakuuze chifukwa chimene mu 1971, pamene tinasiya mapaundi n'kuyamba kwacha, 10 tambala inatenga chimanga cha pa sheleni ndipo 20 tambala inatenga njovu za pa masheleni awiri. Zikuoneka kuti anachita dala kuti agogo a kumudzi, amene sankawerenga, aone chithunzi chimene anachizolowera n'kudziwa kuti mtengo wake ndi womwe uja. Tambala yekha ndi amene anasamuka, kuchoka pa susu kupita pa 1 tambala. Zinthu ngati zimenezi umaziona ukayala ndalama zofufutika zomwezo pamzere, chaka ndi chaka.

Kusowa ndi giredi pazokha sizikwana kupanga mtengo. Pamafunika anthu oilimbirana. Senti ya ku America imakwera mtengo chifukwa kumeneko kuli otolera ochuluka zedi, onse akufuna kudzaza mabowo a m'mabuku awo. Ndalama za Malawi, za Zambia kapena za Mozambique zili ndi ozifuna owerengeka. Ndikukhulupirira kuti pali ndalama zathu zina zimene kuzipeza zosadyeka n'kovuta kuposa ndalama zakunja zogulidwa pa mitengo yoopsa, koma zikapezeka zimapita motchipa chifukwa pa okushoni pamakhala anthu awiri kapena atatu okha. Kutumiza 20 tambala ya 1971 kunja kuti akaiyeze kungadye ndalama zambiri kuposa mtengo wake. Poyamba zimenezi zinkandikwiyitsa, ngati kuti dziko likutinyoza. Tsopano ndimaona kuti ndi mwayi. Mphunzitsi wa ku pulayimale angathe kusonkhanitsa pafupifupi ndalama zonse zachitsulo zimene zayendapo m'dziko muno chilandirireni ufulu, popanda kugulitsa mbuzi. Mmereka sangalote n'komwe zochita zimenezo ndi ndalama za kwawo.

Chenjezo limodzi kwa ogula pa intaneti: kuli ndalama zambiri zolembedwa dzina la Malawi, zonyezimira, zina zopakidwa utoto, zokhala ndi zithunzi za zinthu zosatikhudza n'komwe. Zimapangidwa kunja, kupangira otolera akunja, ndipo sizinapondepo m'msika wa kuno. Amene amazikonda azigule. Ine sindiziwerengera.

Pogula ndimayenda ndi zinthu zitatu m'thumba la jekete: kagalasi, kasikelo ka batire ndi kamaginito. Sikelo ndiye mboni yosanama. Sheleni ya muyeso wa Angerezi imalemera magalamu 5.65, ya masheleni awiri 11.3, ya masheleni awiri ndi susu 14.1. Yodyeka imapepuka pang'ono, koma ikasiyana ndi galamu yathunthu pali nkhani. Zachinyengo zambiri amachita kuthira chitsulo chosungunula m'chikombole, ndiye zimakhala ndi timabowo ting'onoting'ono pankhope, zilembo zonenepa, ndi kamzere m'mphepete pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Maginito amathandiza kudziwa ngati muli chitsulo wamba. Siliva sakokedwa, mkuwa sukokedwa. Ndalama zathu zambiri za m'zaka zaposachedwa zimakokedwa chifukwa ndi chitsulo wamba chokutidwa pamwamba, njira yochepetsera mtengo wozisulira. Choncho munthu akandiuza monyadira kuti yake ikukoka maginito, amakhala akundiuza kuti ndi yotchipa.

Zimapezeka m'malo osayembekezeka: m'kambale ka ogulitsa ziboliboli, pakati pa mikanda ndi timitu ta ndodo, kwa osoka nsapato, m'masutikesi a anthu amene anamwalira. Kumalire kumakhala zosakanikirana, ma escudo a Apwitikizi cha ku Dedza ndi ku Mwanza, ngwee za nkhope ya Kaunda cha ku Mchinji. Koma zabwino kwambiri zimachokera m'zitini za amayi achikulire amene amuna awo anapita ku Wenela kapena ku Salisbury. Ndipo apa ndi pamene pamayesedwa khalidwe la wotolera, chifukwa iwe ukudziwa, iwo sakudziwa. Ndalama za siliva za ku Britain zosulidwa 1920 isanafike zili ndi siliva wokwana magawo 92.5 pa 100, za 1920 mpaka 1946 zili ndi theka, ndipo kuyambira 1947 mulibemo siliva. Za Southern Rhodesia nazonso zinasiya siliva mu 1947. Munthu wodziwa zaka zimenezi angathe kuvundukula chitini, kutola zisanu zenizeni, n'kulipira mtengo wa zosafunika.

Mayi wina wachikulire wa ku Chiradzulu anandiyalira zake pa mphasa. "Mwanangu, izi anabwera nazo malemu bambo a kuno kuchokera ku migodi. Ana akuti ndi zinyalala." Ndinazigawa milu iwiri. "Agogo, izi zambirizi n'zokumbukira chabe, sizingakupatseni kanthu. Koma izi zinayi muli siliva, ndipo iyi yokha ndi yosadyeka kwenikweni. Ndikupatsani mtengo wakuti, koma musayankhe lero. Afunseni kaye ana anu, aone pa foni." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti kunena zoona kunawakayikitsa kuposa mmene bodza likanachitira, chifukwa ngati munthu wa m'tauni akuvomera yekha kuti chinthu ndi chamtengo, ndiye kuti mtengo wake weniweni ndi woposa pamenepo. Sanandigulitse. Ndinamva pambuyo pake kuti mdzukulu wawo anapita nazo kwa munthu wina wa wogula wa ku Joni uja. Anzanga ena otolera amati ndinapusa, ndikanangolipira mwakachetechete bwenzi ndalamazo zitasungika bwino. Mwina akunena zoona pa za kusungika. Koma njira yawoyo ndi imene imadyetsa mphekesera zija, chifukwa munthu aliyense amene anagulidwa motchipa n'kudzazindikira pambuyo pake amauza mudzi wonse kuti m'makobidi muli chinsinsi.

Pamene tikulimbana ndi za Chitaganya ndi za Kamuzu, ndalama za m'nthawi yathu ino zikutha mwakachetechete. K1, K5 ndi K10 zing'onozing'ono zimene Reserve Bank inatulutsa mu 2012, za nkhwazi, mbalame ya m'madambo ndi njovu, zinabadwa kwacha ikugwa, ndipo pofika 2022 tinali titalandira pepala la K5,000. Kondakitala wa minibasi ukamupatsa zachitsulo amakuyang'ana ngati wamutukwana. Ana obadwa m'zaka khumi zapitazi amaphunzira za tambala m'buku la masamu, osaigwirapo. Palibe amene akuzisunga, chifukwa aliyense akuona kuti ndi zachabechabe, ndipo umu ndi mmene ndalama wamba imasandukira yosowa. Kwa ine, khobidi la Mfumukazi Victoria ndi losavuta kulipeza mu Blantyre kuposa 1 tambala yosadyeka ya nthawi ya a Muluzi, ija ya nsomba ziwiri, kapena K5 ndi K10 zikuluzikulu za zitsulo ziwiri zimene zinabwera pambuyo pake.

Ndinakafunsa kwa mwini golosale wina wa ku Ndirande amene ndinkadziwa kuti ankaponya zachitsulo zonse m'ndowa pansi pa kauntala, poti makasitomala ankazikana. Anaseka n'kunena kuti ndachedwa. Ndowa yonse anagulitsa chaka chatha kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, pa kilo.